Mwana wa pa wilitcheya akunyamulidwa ndi anzake polowa m'kalasi, titani?

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni. Ndine mphunzitsi kuno ku Ntcheu. M'kalasi mwanga muli mtsikana woyenda pa wilitcheya, ndipo pakhomo pali masitepe, moti anzake ndiwo amamunyamula m'mawa, pa buleki ndi poweruka. Kuchimbudzi ndiye sapita n'komwe, amadzimana madzi mpaka akafike kwawo. Ndinawauza ahedi koma akuti ndalama palibe. Ahedi omwewa anandilanda nyumba n'kupatsa wobwera kumene, ndipo mawekishopu amapita okhaokha. Tsopano ana a kalabu yathu ya ufulu akuti Lolemba salowa m'kalasi mpaka vutoli litatha. Ndikuopa kuti anena kuti ndawatuma ndine.

Bambo wa zamalamulo: Madam musanyengerere munthu. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa tsankho, ndipo ulumali unatchulidwamo. Gawo 25 likuti aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Palinso lamulo lokhudza anthu aulumali, Persons with Disabilities Act ya 2024. Asiyeni anawo anyanyale!

Mmisiri wa ku Dedza: Sitepeyo ndi yaitali bwanji? Poyambira ndi pamenepo. Pa sentimita imodzi yokwera, ramp (njira yotsetsereka yokwererapo wilitcheya) italike masentimita 12. Khonde likakhala lokwera 30 cm, ramp ikhale ya mamita 3.6, m'lifupi mamita 1.2. Mangani njerwa m'mbali, mkati thirani zidutswa za njerwa n'kusinja kwambiri, pamwamba konkireti wa 10 cm: simenti muyezo umodzi, mchenga iwiri, kwale inayi. Pa kukula kumeneko matumba a simenti 4 kapena 5 akwana. Musasalaze ngati pansi pa nyumba, dutsitsani tsache chopingasa akadali wamuwisi, apo ayi nthawi yamvula mateyala adzaterereka. Thirirani madzi masiku 7.

Mayi wa Mother Group: Kodi mwamufunsa mwanayo ndi makolo ake? Musamusandutse chionetsero iye asanavomere. Komanso anyamata asamamunyamule, ndi mtsikana ameneyo.

Kholo lina: Bwanji osangomupititsa kusukulu ya ana aulumali? Ku Mua ilipo.

Bambo wa zamalamulo: Ya ku Mua ndi ya ana osamva, achimwene. Mwanayu amamva, amaona, vuto ndi sitepe basi. Maganizo omuchotsa pakati pa anzake ndiwo tsankho tikunenali.

Kholo lina: Ndangofunsa, musandikalipire.

Mphunzitsi wopuma: Simunanene ngati ndi pulayimale kapena sekondale, ndipo njira zake n'zosiyana. Kupulayimale kambani ndi SMC (komiti yoyendetsa sukulu) ndi PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi) kuti ramp ilowe mu SIP (pulani yotukulira sukulu), ndalama ichoke ku SIG (ndalama za boma zotukulira sukulu). Zikakanika, a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale) ku TDC (likulu la zoni yanu), kenako ofesi ya maphunziro kuboma. Kusekondale kalata idzere kwa ahedi kupita ku Central West Education Division ku Lilongwe. Lembani makope awiri, imodzi akudindireni musunge. Nkhani ya nyumba ndi mawekishopu isalowemo, mukaisakaniza adzati ndi mkwiyo wanu chabe ndipo mwanayo adzaiwalika.

Bambo wa zamalamulo: Makalata amakagona m'mafayilo, akuluakulu. Pitani ku Malawi Human Rights Commission kapena kwa Ombudsman, a FEDOMA ndi a MACODA (mabungwe oona za anthu aulumali) adziwenso. Ofesi imathamanga ikamva phokoso.

Mphunzitsi wopuma: Ndipo kumeneko funso loyamba lidzakhala lakuti, munadandaula kwa ndani, umboni uli kuti? Musawalumphitse madamwa. Ana akanyanyala n'kusweka galasi limodzi lokha, woyamba kuitanidwa ndi patironi wa kalabu. Anawo alembe pempho lawo, asainire onse, mahedi boyi ndi gelo akapereke pamaso pa wapampando wa PTA. Alonjezemo kututa mchenga ndi njerwa, ahedi asowe chokanira.

Mmisiri wa ku Dedza: Ndinaiwala: pamwamba siyani malo athyathyathya a mita 1.5 kuti azitha kuima potsegula chitseko, ndipo m'mbali muike kamzere ka njerwa teyala lisagwere kunja. Khomo lisachepere 90 cm. Chimbudzi ndiye chofunika changu kuposa kalasi. Chitseko chizitsegukira kunja, pabowo mumangepo mpando wokwera pafupifupi 45 cm, ndi mapaipi ogwira m'mbali ozikika bwino mu simenti.

Mayi wa Mother Group: Podikira simentiyo, sinthanani zipinda. Kalasi lake lipite ku buloko ya khonde lotsika, zimenezo sizilira ndalama ndipo zitheka mawa lomwe. Kudzimana madziko kumudwalitsa chikhodzodzo, mphunzitsi wamkazi mmodzi akhale womuperekeza.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Koma ahediwa ngakhale moni sakundiyankha masiku ano.

Bambo wa zamalamulo: Mwaona? Ndinanena ine. Munthu wotere kalata aiwerenga?

Mmisiri wa ku Dedza: Madam, tengani rula ya m'kalasi mawa, muyeze kuchokera pansi kufika pakhonde, mundiuze. Ndikuwerengerani njerwa, mchenga ndi matumba kuti pempho la anawo lipite ndi mtengo wake.