Chikasu cha mwana wathu: apite kuchipatala lero

Atate a mwana: Makolo nonse, mwana ali ndi masiku atatu, koma maso achita chikasu ndipo akuyamwa mwaulesi. Kukiliniki angomuyang'ana, akuti tizimuothetsa dzuwa m'mawa, tibwerenso tsiku la 6.

Azakhali a ku Chilenje: Mwana wanga, mutengere pawindo, osati pansi pa babu. Dinikiza chala pamphuno, pachifuwa, m'zikhatho ndi pansi pa phazi, uone mtundu ukachotsa chala. Yang'ananso nkhama. Pakhungu lakuda maso amanama, n'chifukwa chake anayenera kumuyeza magazi.

Atate a mwana: Mpaka kumapazi, azakhali.

Azakhali a ku Chilenje: Ndiye za tsiku la 6 iwalani. Chikasu chimayambira kumutu n'kumatsika. Chikafika m'zikhatho ndi kumapazi, chakwera kwambiri. Apite ku chipatala chachikulu cha UTH mu Lusaka, ku Women and Newborn komwe amaona amayi ndi makanda, tsopano lino.

Ambuya: Koma nonsenu munaotha dzuwa. Bwanji osamumwetsa timadzi ta shuga kaye?

Amalume a ku Matero: Ayi amayi, madzi adzaza kamimba, mwana aleka bere. Chikasucho ndi bilirubin, yotsala maselo ofiira a magazi akamaphwanyika. Chiwindi cha khanda sichinakhwime, ndipo bilirubin imatuluka ndi chimbudzi. Choncho ayamwe ka 8 mpaka ka 12 usana ndi usiku. Akagona kupitirira maola atatu, mudzutseni. Akalephera, amayi ake afinyire mkaka m'kapu. Dzuwa limapsereza khungu, mwana akavulidwa amazizidwa, ndipo simudziwa ngati mlingo wa bilirubin watsika. Ukakwera kwambiri umalowa muubongo: kugontha ndi kuuma ziwalo, zosabwerera.

Azakhali a ku Chilenje: Mukafika, pemphani ayeze bilirubin ndi gulu la magazi la mayi ndi mwana. Mayi akakhala O kapena Rh negative, magazi amatha kusagwirizana. Nenani ola lenileni limene anabadwa, chifukwa mlingo amauwerenga ndi maola. Akamugoneka pa nyale ya buluu yochiritsa chikasu adzavala thewera lokha, maso ataphimbidwa. Musamupake mafuta, musamufunditse. Akalira mokuwa, kupinda msana chagada kapena kukana bere muli m'njira, uzani namwino pakhomo pomwe, musaime pamzere.

Amalume a ku Matero: Zovala zomwe zinasungidwa ndi timibulu tonunkha tothamangitsa njenjete asavale. Kwa ana ena aamuna timaphwanya magazi.

Mlamu wa ku Kabwata: Galimoto ndikubwera nayo, mphindi 20. Konzani khadi la sikelo ya mimba, matewera, kapu ndi zitenje ziwiri. Mwina akhalako masiku angapo. Usiku uno ndani?

Achemwali aakulu: Ine. Chakudya cha mayi ndiphika mawa, Lachisanu azakhali. Aliyense atumize K100 pafoni yanga ya mafuta a galimoto ndi matewera.

Ambuya: Chabwino ana anga, shuga ndabweza. Ana enawo abwere agone kwa ine.

Atate a mwana: Zikomo nonse. Tamuyamwitsa, tili pageti.