Mashehe akusiyana pa za wudhu, ine munthu wamba nditsate ndani?

Assalaam alaykum abale ndi alongo. Ndithandizeni nzeru, koma chonde tisanyozane.

Ndinakula ndikudziwa kuti ukakhudzana khungu ndi mkazi wako, wudhu (kusambitsa ziwalo usanaswali) waonongeka basi. Moti ndikapanga wudhu, mayi akunyumba akamandipatsira kanthu ndimalandira ndi nsonga za zala ngati kakuwotcha. Kenako Shehe wina pa YouTube anati ayi, kukhudzana sikuononga wudhu, monga amaonera Imam Abu Hanifa, n'kutchula hadith (nkhani ya zonena ndi zochita za Mtumiki) ya mayi Aisha, mkazi wake, yoti Mtumiki Muhammad (SAW) poswali usiku ankawakhudza mwendo kuti aupinde, iye apeze pochitira sijda (kugunditsa mphumi pansi). Shehe amene amatiswalitsa akuti ife timatsata Imam Shafi, ndipo Surah Al-Maidah ayah 6 yatchula za kukhudza akazi. Wachitatu akuti zimatengera ngati pali chilakolako, monga amaonera otsata Imam Malik ndi Imam Ahmad bin Hanbal.

Onsewa akutsegula Qur'an ndi hadith, palibe amene akungopeka.

Chandisowetsa tulo kwenikweni ndi magazi, chifukwa pamenepo zatembenuka. Kwa Imam Abu Hanifa, magazi akayenderera pabala wudhu waonongeka; kwa Imam Shafi uli bwinobwino. Tsono ndikagwira dzanja la mkazi wanga n'kuti ndatsata Abu Hanifa, kenako n'kudzicheka pometa n'kuti ndatsata Shafi, Swala imeneyo onse awiri ayikana. Ndiye ndaswali kapena ndangowerama?

Kodi ine wosadziwa Chiarabu ndigwire madhhab (njira ya Imam) amodzi pa zonse, kapena nditsate amene umboni wake wandigwira mtima? Nanga mtimawo ndiukhulupirire bwanji, poti umathamangira chopepuka?

Yankho:
Wa alaykum salaam achimwene. Kusiyanaku sikunayambe ndi intaneti. Mtumiki atauza Maswahaba (omutsatira amene anakhala naye) kuti asaswali Swala ya Asr mpaka akafike kwa fuko la Banu Qurayza, nthawi inawapeza panjira. Ena anaswali pomwepo poona kuti cholinga chinali kufulumira, ena anadikira mpaka anafika. Sanadzudzule gulu lililonse. Maimamu anayiwa sanali adani: Shafi, amene anamwalira mu 820, anaphunzira kwa Malik ku Madina, ndipo Ahmad bin Hanbal anaphunzira kwa Shafi. Shafi yemweyo atasamukira ku Egypt anasintha zina zimene ankanena ali ku Iraq.

Yankho:
Bambo, vuto si mashehe, vuto ndi kufunsa anthu ambiri funso limodzi. Surah An-Nahl ayah 43 ikuti funsani eni kudziwa ngati simukudziwa. Pezani mmodzi wophunzira, woopa Allah, amene mungamubwerere ndi funso lachiwiri, mukakamire pamenepo. Kusakaniza mwatchulako ma Ulama (akatswiri a chipembedzo) ambiri amakuletsa.

Yankho:
Ine sindikugwirizana nazo. Shafi mwiniwake anati hadith ikatsimikizika, imeneyo ndiyo madhhab ake. Hadith ya mayi Aisha ili mu Bukhari, mukudikiranso chiyani?

Wofunsa:
Zikomo nonse. Koma achimwene omalizawa, ma Ulama a Shafi hadith imeneyo amaidziwa, ndipo amayankha kuti mwina panali nsalu pakati. Inu mwakhutira ndi kumasulira kumodzi, iwo kwinako. Ndiye ndikakutsatani inu, sindiye kuti ndangosiya Shafi n'kuyamba kutsata munthu wa pa gulu? Alipo Shehe muno atimasulire pamenepa?