Tsiku la gemu ana amadzaza, koma pa treningi amabwera asanu okha

Kochi wa ku Chinsapo

Moni nonse. Ndili ndi anyamata 19 a zaka 11 mpaka 14 amene ndimawaphunzitsa mpira pabwalo la sukulu ina kuno ku Chinsapo. Tinagwirizana kuti tizikumana Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka. Loweruka likakhala la gemu onse amafika, ena mpaka kutenga azing'ono awo. Koma Lachiwiri lapitali anabwera asanu, Lachinayi atatu. Pali mwana wina wamanzere, mwendo wake ndi wodalitsika, koma mwezi wathawu ndamuona kanayi kokha, ndipo zimandipweteka mtima. Ndinayesa kuti wojomba azizungulira bwalo kasanu, mapeto ake awiri anasiyiratu. Mipira tili nayo iwiri basi. Akuluakulu amene munadutsamo, ndichite bwanji kuti ana azolowere kubwera sabata ndi sabata?

Mayi wa ku Area 25

Achimwene, ndiyankhe ngati kholo, poti wanga wa zaka 12 amasewera. Kodi makolo a anawo munawaonapo? Mwana akaweruka amafika pakhomo ndi njala, kenako pali madzi okatunga kukiosiki, pali kamng'ono kake koti alere, wina amatumidwa kukagulitsa mandasi kumsewu. Ine kochi wa mwana wanga asanabwere kwathu ndinkaona ngati mpirawo ndi kuyendayenda chabe, ndipo ndinkamutuma dala nthawi yomweyo. Atabwera n'kukhala pakhonde, anandiuza masiku ake ndi nthawi yoweruka, nane ndinamuuza kuti Lachinayi sizingatheke chifukwa ndimapita kukapikula tomato. Tinamvana, ndipo madzi amatunga m'mawa tsopano.

China, mwana wanjala sathamanga. Muziwauza adye kaye, kaya ndi mbatata kaya chigumu, ndipo aliyense abwere ndi botolo lake la madzi. A Sitandade 8 akayandikira mayeso muziwamasula msanga, apo ayi makolo adzawaletseratu.

Mkulu wa ku Kawale

Mphwanga, zimene anena mayiwa ndi zoona, yambira pamenepo. Ine ndatha zaka zambiri ndi ana a ku Kawale ndi ku Biwi, ndipo choyamba ndikupempha usiye chilango chothamangitsacho. Mwana wajomba Lachiwiri, akudziwa kuti akabwera Lachinayi akazungulira bwalo anzake akumuseka. Abwereranji? Komanso ukumuphunzitsa kuti kuthamanga ndi chilango, pamene mpira wonse ndi kuthamanga.

Ndikufunse: pa treningi yakoyo mwana mmodzi amaugunda kangati mpira? Ana 19 pa mipira iwiri ndiye kuti ambiri amangoima pamzere kudikira. Nchifukwa chake amakonda gemu, chifukwa kumeneko ndi kumene amasewera. Agawe anayianayi, uike miyala ngati magoli, mabwalo ang'onoang'ono awiri kapena atatu. Mipira ikachepa, wachikulunga ulipo, anawo amadziwa kumanga okha ndi majumbo. Treningi isapitirire ola limodzi, ndipo mphindi 20 zomaliza zizikhala gemu nthawi zonse. Aziweruka akadali ndi chilakolako, osati atatheratu.

Nthawi isamasinthesinthe. Ife timayamba 4 koloko, kupatula mu June ndi July pamene kumada msanga, apo timayamba hafu pasiti 3 kuti ana afike kwawo kukuwala. Mu October dzuwa likaswa mtengo timapuma pafupipafupi kumwa madzi. Dzinja mvula ikagwa timakhala pakhonde la kalasi kupatsirana mpira pang'onopang'ono, koma kukachita ziphaliwali palibe wotsala pabwalo.

Chachikulu kwa ine ndi ichi: iweyo usajombe, ndipo usachedwe. Ngakhale abwere atatu, phunzitsa atatuwo ndi mtima wonse ngati abwera onse. Ndinalakwitsapo kale, ndinabweza ana anayi kuti ndi ochepa, sabata yotsatira sikunabwere ndi mmodzi yemwe chifukwa anauzana kuti akochi amabweza. Gula kope, uzilemba maina tsiku lililonse anawo akuona. Loweruka oyamba kulowa azikhala amene anabwera mkati mwa sabata. Wamanzere wakoyo akayambira panja kamodzi, kope likuchitira umboni, adzamva popanda kumukalipira. Koma ngati anajomba chifukwa cha ntchito yapakhomo imene kholo lakuuza, usamulembe kuti wajomba.

Mlongo wa ku Mchesi

Ine ndinasewerako timu ya atsikana, ndingowonjezera zakunyumba. Masiku atatu pasabata sakwanira kuti mwendo uzolowere. Apatseni kantchito ka mphindi 10 tsiku lililonse: kumenya mpira pakhoma maulendo 50 mwendo wamanja, 50 wamanzere, kenako kuwerenga kuti augunda kangati usanagwe pansi. Akabwera Lachiwiri aliyense aonetse pamene wafika. Ana amakonda kupikisana, wougunda ka 12 safuna kugonja kwa wougunda ka 20.

Ndipo akochi, bwanji atsikana mulibe? Tabitha Chawinga anasewera DD Sunshine konkuno ku Lilongwe asanapite ku Sweden, mng'ono wake Temwa anamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya amayi ku America mu 2024. Ku Chinsapo kuli ana aakazi amene amangoonerera m'mbali mwa bwalo. Mukapeza mpata muwatengere onse ku Silver Stadium kapena ku Civo, mufike msanga aone mmene osewera amatenthetsera thupi gemu isanayambe.

Kochi wa ku Chinsapo

Zikomo kwambiri nonse. Amayi, dzulo ndinapita kwa mwana wamanzere uja, ndapeza kuti amakhala ndi agogo ake ndipo Lachiwiri ndi iye amene amapita kuchigayo. Ndinamva chisoni kuti ndinkamuthamangitsa. Agogo avomera kuti azipita Lolemba. Kope ndagula, ndipo ana amanga mipira yachikulunga inayi. Akulu a ku Kawale, kodi Lachinayi ndilisunthire Lachisanu, kapena zidzawatopetsa poti gemu ili mawa lake?