Zowonjezera pa funso la GIMP yokana kusunga JPEG

Pa funso lija lakuti n'chifukwa chiyani GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi pa kompyuta, imakana kusunga chithunzi ngati JPEG mukadina Ctrl+S: pulogalamuyi sinawonongeke, anaikonza choncho mwadala.

Kuyambira pa GIMP 2.8 ya mu 2012, Save (Ctrl+S) imasunga mu XCF basi, womwe ndi mtundu wa fayilo wa GIMP yeniyeniyo. Mukafuna JPEG kapena PNG, pitani pa File, musankhe Export As, kapena dinani Ctrl+Shift+E, mulembe dzina lothera ndi .jpg. Ulendo wotsatira Ctrl+E ikwanira. Ngati munatsegula JPEG n'kuikonza pang'ono, pa File pomwepo pali Overwrite, yomwe imasunga zosinthazo mu JPEG yomweyo.

Chifukwa chake n'chomveka. JPEG sisunga ma layer (zigawo zosanjikizana za chithunzi zomwe mumakonza chilichonse pachokha), sisunga malo oonekera mkati, ndipo nthawi iliyonse mukaisunganso chithunzi chimataya ubwino wake pang'ono. Kale anthu ankasunga mu JPEG, kutseka, mawa n'kupeza ntchito yonse yaphatikizana osathekanso kuilekanitsa.

Komabe vuto lilipo, ndipo sitikulibisa. Mukamaliza Export n'kufuna kutseka, GIMP imachenjezabe kuti pali zosasungidwa, chifukwa XCF simunaisunge. Munthu watsopano amaganiza kuti JPEG yake yatayika, pamene ili bwinobwino mu foda. Apa opanga anateteza ntchito ya akatswiri koma anasokoneza wongofuna kudula chithunzi chimodzi.

Choncho ngati mudzachikonzanso chithunzicho, yambani ndi Ctrl+S, kenako Export. Ngati ayi, tsegulani JPEG ija kaye muone kuti yatuluka bwino, ndiye mutseke osasunga XCF.