Khoma la nyumba yakale ku Zomba likungogwa pulasitala

Mmisiri wa ku Chinamwali: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndapatsidwa ntchito pa nyumba ina yakale m'munsi mwa phiri, chakufupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, ya m'gulu la zija ankagonamo ogwira ntchito m'boma la atsamunda. Ili ndi khonde mbali zitatu, denga lalitali, pansi pa matabwa. Vuto lili kukhoma la kumtunda. Kuyambira pansi kufika m'chiuno pulasitala watupa, ukagogoda akulira ngati ng'oma, ndipo pali zoyera ngati mchere. Amene anakonzapo zaka zapitazo anamata simenti yolimba n'kupaka penti wa oyilo. Ndatokosa pang'ono, njerwa zake n'zowotcha koma zinamangidwa ndi dothi. Eni ake akufuna ndimatenso simenti sabata ino.

Wa mabuloko ku Matawale: Gumulani wotupayo, mumate ndi muyezo umodzi wa simenti kwa itatu ya mchenga, muthiremo mankhwala oletsa madzi aja. Ntchito ya masiku awiri imeneyo achimwene.

Madala a ku Sadzi: Mwana wanga, nzeru imeneyo ndi ya nyumba ya mabuloko. Mnzathu uja anachita zomwezo, lero ndi izi khoma lawola. Nyumba zimenezi zinamangidwa popanda pepala la DPC, lija amayala pa maziko kuti litchinge chinyezi chisakwere m'khoma. Madzi amakwera ndithu kuchokera m'maziko, koma kale ankatuluka okha chifukwa kunja kwake kunali laimu ndi njereza, zimene zimalola chinyezi kudutsa. Ukamata simenti ndi penti wa oyilo watseka pakamwa pa m'phika. Madzi amasowa kotulukira, amakwera mpaka pamene simenti yathera, dothi la pakati pa njerwa limafewa, mchere umaphulitsa nkhope ya njerwa.

Pitani mukaone Masongola. Nyumba ija anamanga John Buchanan mu 1886 kuti azikhalamo kazembe wa Britain, a Hawes, ndipo Harry Johnston atakhazikitsa boma kuno mu 1891 anaipeza ili chiimire. Nyumba ya Mandala ku Blantyre ndi ya 1882, ya zidina ndi dothi, mpaka pano anthu akukweramo m'mwamba. Chazisunga ndi denga lotambalala ndi khonde loteteza khoma ku mvula. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975 nyumba zambiri za mtundu umenewu zinasowa wozisamala, kenaka zinagwa m'manja mwa ife okonda simenti.

Wa mabuloko ku Matawale: Ndamva madala, koma laimu amachedwa kuuma. Mwini nyumba adikira?

Madala a ku Sadzi: Adikire. Akafulumira alipira kawiri.

Mayi wa mapulani: Ndikugwirizana ndi madala, koma musanakhudze pulasitala yambani mwayang'ana kumene madziwo akuchokera. Mwati ndi khoma la kumtunda. Mvula ya ku Zomba tikuidziwa tonse, madzi onse otsika m'phiri amadzaima pakhoma limenelo. Achimwene, onani zitatu izi: dothi la kuseri lakwera bwanji poyerekeza ndi pansi pa m'nyumba, ngalande yakale ikadalipo kapena inakwiririka, ndipo magatala akutaya madzi kuti. Chinanso, ngati nyumbayo ili pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa, a nthambi ya boma ya Museums and Monuments ayenera kudziwa musanasinthe maonekedwe ake. Afunseni eni ake.

Mmisiri wa ku Chinamwali: Mayi mwalasa. Ndangozungulira kuseri. Wina anathira dothi la maluwa mpaka kukwirira mizere inayi ya njerwa. Nditakumba ndapeza ngalande ya miyala yomangidwa bwino kwambiri, yodzaza matope, mwina kuyambira nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 kapena kale kuposa apo. Paipi ya gatala inathyoka, ikuthirira pakona penipeni.

Kalipentala wa ku Mpondabwino: Poti mwakumba kale, fufuzani timabowo ta mpweya m'munsi mwa khomalo. Nyumba ya pansi pa matabwa imakhala ndi mphako kunsi, ndipo timabowoto ndi timene timaumitsa mitanda. Anthu amatitseka poopa makoswe ndi njoka, osadziwa kuti akuitana chiswe. Zulani thabwa limodzi pakona, mulowetse tochi, mubaye mtanda ndi sikuludiraiva. Mukapala pang'ono n'kumva kafungo kokoma, umenewo ndi mkungudza wa ku Mulanje. Chonde musataye ngakhale kachidutswa. Mtengo umenewu chiswe chimauopa, ndipo lero simungaugule mwalamulo chifukwa unatsala pang'ono kutheratu m'phiri muja. Ine ndinaonapo anyamata akuwotchera chimanga zitseko za mkungudza pa saiti ina, mtima unandiwawa sabata yathunthu. Pamene pawola dulani pokhapo, mulumikize ndi thabwa lina louma bwino.

Mmisiri wa ku Chinamwali: Timabowo ndapeza titatu, tonse tomatidwa simenti. Tsono madala, kasakanizidwe ka laimu kaja?

Madala a ku Sadzi: Choyamba chotsani simenti yonse mpaka kupitirira pamene chinyezi chalekezera ndi theka la mita. Ndi tchizulo ndi hamala yaing'ono, osati chigandamala, njerwa zimenezo n'zofewa. Mcherewo sesani ndi burashi youma, musatsuke ndi madzi, mungaubwezere m'khoma. Lisiyeni lamaliseche mpaka dzuwa la Okutobala liliwambe.

Laimu mugule womangira, osati wothira m'munda, ameneyo ndi mwala wogaya chabe ndipo sagwira. Muviikeni mu diramu masabata awiri kapena kuposa, akhale ngati phala. Muyezo umodzi wa laimu, itatu ya mchenga wa kumtsinje wosefa. Nyowetsani khoma, mumate mopyapyala kawiri kapena katatu, ndipo gawo lililonse lilimbe musanaonjezere lina. Phimbani ndi ziguduli zonyowa kuti lisaume mothamanga. Pomaliza njereza, penti wa oyilo ayi. Anyamata anu avale magalasi ndi magolovesi, laimu amawotcha maso.

Wa mabuloko ku Matawale: Osaponyamo ngakhale fosholo imodzi ya simenti kuti agwire msanga?

Madala a ku Sadzi: Fosholo imeneyo ukaponye m'ngalande, kumeneko ndiye ikufunika.

Mmisiri wa ku Chinamwali: Zikomo nonse. Eni ake avomera titawaonetsa dothi lonyowa la pakati pa njerwa, ngakhale anayamba adandaula za nthawi. Mawa tiyamba ndi ngalande ndi gatala. Thabwa ndazula, fungo lake ndi lomwe lija a kalipentala, koma mitanda iwiri yadyeka kumapeto kumene yalowa m'khoma. Mungadutse Loweruka m'mawa mudzaione?