Gulu la Banja Lathu: za dzino la Nabanda

Achemwali (Kawale): Mwadzuka bwanji nonse. Pepani mmawa uno koma ine sindinagone, Nabanda wandiimbira usiku akulira dzino lija layambiranso, tsaya latupa moti nsima yamukanika akungomwa phala, nde munthu wa mimba ya miyezi 5 osadya zitha bwanji

Malume (Joni): Aaa si dzino la chaka chatha lomwe lija? Mesa tinati akachotse

Achemwali (Kawale): Lomwelo malume, lobooka lakumapeto lija. Lolemba anapita kusikelo anawafotokozera, angomupatsa panado akuti kuno za mano kulibe pitani ku boma. Ya kabaza ndi minibasi alibe, bambo akunyumbako ganyu ya njerwa ija sanalandirebe mpaka lero

Azakhali: Ana inu ndinene zoona, apongozi ake akukana ndipo inenso mtima wanga sukuvomera. Chikhalire munthu wapakati sazula dzino, jakisoni uja ndi magazi otayika aja mimba itha kuchoka. Apirire, miyezi 4 si chaka. Ine pa mimba yachitatu ndinkangovumata madzi amchere mpaka ndinachira bwinobwino

Achimwene (Area 25): Bwanji ndimugulire bufeni ndi indosidi nditumize pa minibasi, ine zimandithandiza heve

Nesi wathu (Zomba): Achimwene ayi ayi chonde musatumize zimenezo!! Bufeni, indosidi, diclofenac, zonsezo kwa munthu woyembekezera si zabwino makamaka mimba ikadutsa pakati apa, zimatha kusokoneza impso za mwana komanso madzi amachepa mchiberekero. Panado yekha basi. Makapisozi apagolosale asamwenso, ena ngati doxycycline amaononga mano a mwana asanabadwe nkomwe

Achimwene (Area 25): Eee ndikanapalamula

Nesi wathu (Zomba): Azakhali ndikumva nkhawa yanu ndipo madzi amchere ofunda ndi abwino ndithu apitirize, koma amangotonthoza sachotsa vuto. Tsaya likatupa chonchi nde kuti kutsinde kwa dzino kuli mafinya, ndipo mafinya sadikira kuti munthu achire kaye, amafalikira. Choopsa kwa mwana ndi chimenecho, mayi kutentha thupi, osadya, osagona, osati jakisoni. Jakisoni wochititsa dzanzi uja amabaya pankhama pokha ndipo amayi apakati amabayidwa bwinobwino. Chinanso nthawi yake ndi inoyo, mwezi wa 4 mpaka wa 6, kusanza kunatha komanso mimba sinakule kwambiri. Akafika miyezi 8 kugona chagada pampando uja kumavuta, chizungulire chimabwera

Azakhali: Nanga zija amati mwana amayamwa mano a amayi ake, mwana mmodzi dzino limodzi

Nesi wathu (Zomba): Kkkk azakhali mwana sachotsa kanthu mmano. Chimachitika nchoti nthawi ya mimba nkhama zimafewa, zimatupa, ukamatsuka magazi, nde anthu amaopa nkusiya mswachi, kuonjezera kusanza kuja asidi wake amadya mano, kwinaku zilakolako za zotsekemera, tiyi wa shuga masipuni 4 ngati wa Nabanda uja. Akasanza azingochukucha ndi madzi, mswachi pakapita kanthawi

Malume (Joni): Koma ndifunse, dziko lonseli chipatala chaching'ono osakhala ndi wa mano ngakhale mmodzi? Kuno ukangolowa mu clinic zinazake amakuona

Nesi wathu (Zomba): Anthu ake ndi ochepa malume. Madokotala a mano tayamba kuphunzitsa konkuno mu 2019 ku College of Medicine, pano akuti Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), kale onse ankakaphunzira kunja. Amene agwira ntchitoyi zaka zonsezi ndi ma dental therapist a ku Malawi College of Health Sciences, ndi amene mumawapeza mzipatala za pa boma, kuzula amazula bwino kwambiri. Zikakula nde amatumiza ku Central, kwa ife kuno Zomba Central kapena Queens, kwa Nabanda ndi Kamuzu Central

Malume (Joni): Pulaiveti bwanji tingothana nazo

Achemwali (Kawale): Malume pulaiveti kungokuona kokha ndi ndalama, kuzula ina, mankhwala ina, pomwe tikufunikanso kusunga ya chikuta, nsalu, beseni, zonse sanagule. Kwa boma ndi ulere, chotivuta ife ndi transipoti ndi mzere basi. Ine maganizo anga mawa alawire ku boma, akakati pitani ku Central abwere adzagone kuno ku Kawale ndidzamuperekeza ndekha

Nesi wathu (Zomba): Ndagwirizana nazo. Atenge buku lake lakusikelo, akangofika anene kuti ndine woyembekezera miyezi 5 asachite manyazi, kuti amusankhire mankhwala oyenera, amoxicillin amaloledwa akalemba adokotala. Adye kaye phala asanapite asakakomoke pamzere. Akamutumiza ku Lilongwe awapemphe alembe m'bukumo. Koma tamverani izi, akayamba kutentha thupi, kapena kutupa kukatsikira kukhosi kaya kukwera kudiso, kapena kukamwa kukakanika kutsegula, kumeza malovu kuvuta, musadikire mawa, usiku omwewo mupeze galimoto

Achimwene (Area 25): Ine ndiponya 15 pin pa Airtel Money masana ano, malipiro sanatuluke

Malume (Joni): Ine R400 pa Mukuru madzulo ndikaweruka. Ipite kwa achemwali anu a ku Kawale osati kwa mkamwini, tisanamizane apa, ya feteleza ija tonse tikuikumbuka

Achemwali (Kawale): Kkkk malume mwayamba. Chabwino ndilandira ndipo ndilemba pano iliyonse yalowa ndi yatuluka. Koma omuperekeza mawa ndani, ine ku ntchito sangandilole mpaka Lachisanu

Azakhali: Ndipita ndine. Ngati nesi wanena choncho ine ndine ndani, ndikufuna ndikaone ndi maso anga. Ana awiri aja ndiwasiya kwa make Dalitso. Koma za apongozi ake ine sindikayankhula, tinayambana kale pamaliro paja, imeneyo ndi ntchito ya mwini mbumba ku Joniko

Malume (Joni): Nditumizireni nambala yawo ndiwaimbira 7 koloko. Nesi undilembere mwachidule zija za mafinya ndi miyezi ija kuti ndisakaphonye, kapena voisi noti ndingowaseweretsa

Nesi wathu (Zomba): Ndijambula ndikatuluka mu wodi. Achimwene mukamapita ku depoti muonjezereko mswachi wofewa ndi Colgate, wake uja ndinauona pa Khirisimasi unachita kuyadzamuka ngati tsache

Achimwene (Area 25): Kkkkk ndagula kale awiri. Azakhali wa kabaza afike 5 koloko eti?

Azakhali: Hafu 4. Minibasi yoyamba ikatisiya tikapeza mzere wafika pageti