Maseva andichulukira, ndiwasunge pa pulogalamu iti?

Chikondi_LL:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuntchito ndimayang'anira maseva a Linux, komanso awiri a Windows omwe ndimalowamo pa RDP (njira yoonera sikirini ya kompyuta ina uli kutali). Ndimagwiritsa ntchito PuTTY, pulogalamu yolowera m'maseva pa SSH (njira yotetezeka yolamulira seva uli kutali), koma mawindo akuda aja akachuluka pa sikirini sudziwanso kuti ili n'la seva iti. Chondinyansa china n'chakuti PuTTY imasunga ma session (zolowera za seva iliyonse) mu registry, mosungira makonzedwe a Windows, ndiye ukasintha laputopu umayambanso kulemba ma IP limodzilimodzi. MobaXterm ndinaikonda, chifukwa ukangolowa pa SSH mafayilo a seva amaonekera kumanzere pompo. Koma yaulere imasunga ma session 12 okha, ine anga apitirira. Ilipo ina yaulere yosunga SSH ndi RDP pamodzi?

Mdala_wa_Seva:
Achimwene, tengani mRemoteNG. Ndi yaulere, ilibe malire a ma session, imatsegula seva iliyonse mu tabu yakeyake, ndipo mutha kuika maseva m'mafoda: a ofesi kwaokha, a makasitomala kwaokha. SSH, RDP ndi VNC zonse zimatheka. Koma mverani apa. Zonse imazisunga mu fayilo imodzi, confCons.xml, mapasiwedi omwe. Mukapanda kuika pasiwedi yanuyanu, fayiloyo imakhomedwa ndi kiyi yodziwika kwa aliyense, ndiye wakuba laputopu watenga makiyi a maseva onse. Ikani pasiwediyo tsiku lomwelo.

Tadala_dev:
Pa RDP ndikugwirizana ndi adala. Koma pa Linux ine ndinasiya mapulogalamu onsewa. Windows 10 ndi 11 zili kale ndi OpenSSH. Mu foda ya .ssh pangani fayilo ya config, seva iliyonse muipatse dzina lalifupi (monga malipiro), HostName, User ndi IdentityFile. Basi, mukalemba ssh malipiro mwalowa. Ngati seva ina imafikiridwa podutsira pa inzake, onjezani mzere wa ProxyJump, womwe unabwera mu OpenSSH 7.3 mu 2016. Laputopu yatsopano? Mungokopera foda ya .ssh ija. Ndipo chonde lowani ndi kiyi ya ed25519, za pasiwedi pa port 22 zisiyeni. Tsegulani auth.log, fayilo yolemba onse oyesa kulowa pa seva, muone mmene maloboti amagogodera pa root, akaunti yaikulu ya seva, usiku ndi usana.

Mdala_wa_Seva:
Zoona mayi. Ndiwonjezere chimodzi: pulogalamu iliyonse mungasankhe, netiweki ikaduka kapena magetsi akathima kwanu uli mkati mwa apt upgrade (kuika mapulogalamu atsopano m'malo mwa akale pa seva), ntchito imathera panjira. Mukalowa pa seva yambani mwatsegula tmux, pulogalamu yosunga ntchito ikuyendabe pa seva ngakhale inu mutaduka. Ikaduka, mulowenso, mulembe tmux attach, mupeza ntchito ikupitirira.

Chikondi_LL:
Zikomo kwambiri nonse. RDP ndiika pa mRemoteNG, za Linux ndilemba config madzulo ano. A Tadala, maseva a Windows aja ali ndi port 3389 ya RDP yotsegula pa intaneti. Ndingaibise kuseri kwa SSH?

Tadala_dev:
Itsekeni lero lomwe. Lembani ssh -L 13389:IP-ya-Windows:3389 dzina-la-seva, kenako RDP muiloze ku localhost:13389.